Magule a Usiku pa Gombe la Salima

Asodzi a usipa a ku Senga Bay sakondwa ndi mwezi. Usipa umagwidwa mumdima, pamene siginala wakhala m'bwato ndi nyali zake zoŵala kuti nsomba zisonkhane pamodzi, alovi nkuzinga malowo ndi chilimira. Koma mwezi ukakhwima, nuyamba kuŵala usiku wonse, usipa sulabadiranso nyali, ndipo maukonde amayanikidwa pamchenga kwa masiku angapo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 masiku otereŵa ndiwo adali masiku a magule. Anyamata amene adatha milungu itatu akuchezera pamadzi ankapezeka kumtunda onse nthaŵi imodzi, ndalama zili m'thumba, tulo tosabwera pakuti matupi ao adazoloŵera kukhala maso mpaka mbandakucha. Tsono dzuŵa likangoloŵa, kuseri kwa matandala oyanikapo nsomba, mumpanda wa udzu womangidwa tsiku lomwelo, banjo inkayamba kulira.

Pa gombe lomwelo padali usiku winanso. Hotela yakale ya Grand Beach, imene pambuyo pake idatchedwa Livingstonia Beach, inkalandira azungu, akuluakulu a boma ndi alendo ochokera ku South Africa, dziko limene Malaŵi adapangana nalo ubale wa ukazembe mu 1967. Kumeneko kudali magetsi, matebulo oyalidwa nsalu ndi moŵa wa m'botolo wozizira. Za usiku wa ku hotela zithunzi zilipo, m'timabuku tokopa alendo ndi m'nyumba za mabanja amene ankapitako. Za usiku wa mumpanda wa udzu zolembedwa n'zochepa zedi, ndipo nyimbo zake zambiri zidapita kumanda pamodzi ndi eni ake. Mphunzitsi wa mbiri ya dziko lino ali nao mabuku onena za misonkhano ya chipani, za milatho ndi za ulimi wa fodya. Koma mwana wa sukulu akafunsa kuti kodi agogo ake ankavina chiyani Loŵeruka usiku, buku loti liyankhe funsolo n'losoŵa.

Sizidangochitika zokha kuti Salima akhale malo a magule. Njanji yochokera ku Blantyre idafika kumeneko mu 1935, ndipo kwa zaka zoposa 40 Salima adali mathero a sitima yapamtunda: katundu wambiri wopita ku Lilongwe ankatsitsidwa pamenepo nkukwezedwa m'malole. Pa Chipoka sitima yapamtunda inkakumana ndi za pamadzi, monga Ilala imene idayamba kuyenda mu 1951. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kudabwera chitukuko cha ulimi wa thonje ndi mpunga cha m'mbali mwa nyanja, chothandizidwa ndi dziko la West Germany, ndipo chidadzetsa alangizi, makalaliki ndi madalaivala olandira malipiro pa mwezi. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, Senga Bay adasanduka gombe lapafupi la anthu a mumzindawo, mtunda wa makilomita oposa pang'ono 100, ndipo mu 1979 njanji idapitirira kukafika ku Lilongweko. Kuwonjeza apo kudali asilikali, pakuti m'bomali muli sukulu yao ndi msasa wa odumpha m'ndege. Acheŵa a m'midzi ya kumtunda, Ayao a m'mbali mwa nyanja, Atonga amene adatsika kuchokera ku Nkhata Bay ndi maukonde ao, onseŵa ankagula pa msika umodzi. Pamene pakumana asodzi, asilikali ndi madalaivala, wogulitsa moŵa sachedwa kufika, ndipo woimba amatsatira mapazi a wogulitsa moŵa.

Sikuti anthu ameneŵa adali osoŵa magule. Mganda, chimtali, beni ndi gule wamkulu zidalipo kuyambira kale, koma magule ameneŵa ali ndi eni ake, nyengo yake ndi malamulo ake. Komanso m'zaka zimenezo ambiri mwa iwo adaloŵa ntchito ya chipani: amayi a mbumba ankanyamulidwa pa malole kukavinira Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, mau a nyimbo atasinthidwa kuti atamande iye ndi kunyoza adani ake. Gule wa usiku adali wina. Adalibe mfumu, adalibe namkungwi. Munthu ankalipira matambala ake pakhomo nkuloŵa, ndipo mnyamata ankavina atagwira mtsikana m'chiuno, chinthu chimene akuluakulu a mpingo, a mzikiti ndi a mudzi omwe ankachiona ngati chiyambi cha chionongeko.

Nyimbo za gule ameneyu zidabwera m'masutikesi a anthu a ku Wenela. Wobwera kuchokera ku Joni ankatsika sitima pa Salima ali ndi njinga, bulangete, chipewa ndi galamafoni yopukusa, ndipo m'zaka zotsatira galamafoniyo idaloŵedwa m'malo ndi gumbagumba ya mabatire. Pansi pa zovala padali mbale za kwela, za jaivi ndi za simanjemanje. Ena ankachokera ku Salisbury ndi ku migodi ya kopa ya ku Zambia, ali ndi mbale za rumba za Franco ndi gulu lake la OK Jazz. Amene adali ndi wailesi ya Nzeru ankapotokola kabatani usiku kusaka mawailesi akunja, monga ya Lourenço Marques imene inkaulutsa nyimbo za achinyamata a ku Ulaya ndi ku America kufikira idatsekedwa mu 1975. Mabatire akafooka ankayanikidwa padzuŵa kuti apereke mphamvu ya usiku umodzi wina.

Mu April 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nkupha Amalaŵi oposa 70. Boma lidaimitsa Wenela, ndipo amuna zikwi zambiri adabwerera kumudzi. Ntchito yolemba anthu a ku migodi idayambanso mu 1977, koma siidafikenso pa chiŵerengero chakale. Masutikesi adachepa, mbale zatsopano zidachepa, ndipo mbale zakale zidakalika ndi singano mpaka mau osamvekanso. Chimene mnyamata sadathe kugula adayenera kuchipanga ndi manja ake.

Njira idali itaonetsedwa kale ndi anyamata a ku Chileka. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald adaphunzira kwela ku Salisbury kumene bambo ao ankagwira ntchito, ndipo atabwerera kwao kwa Singano adaiveka mau a Chicheŵa. Katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana nao mu 1967, ndipo mu 1972 adakaimba ku Ulaya. Ku Chileka komweko kudatuluka Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River Jazz Band. Ku Thyolo kudatuluka Alan Namoko, munthu wosaona, woimba banjo ndi mau okhadzula mtima, ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Liwu loti jazi m'maina ameneŵa lisasocheretse munthu: silinkanena za nyimbo za ku New Orleans ai, linkangotanthauza nyimbo zamakono zovinira. Anyamata a m'maboma onse, a Salima omwe, adamva magulu ameneŵa pa wailesi, nazindikira kuti zipangizo zimene zikulirazo n'zimene iwonso angathe kuzisema.

Kapangidwe kake n'koyenera kukafotokoza bwino, pakuti m'menemo ndimo mudali luso. Banjo inkapangidwa ndi chitini cha mafuta a galimoto, kapena ndi mtengo wogoba wokutidwa ndi chikopa cha mbuzi kapena cha ng'azi. Nsambo zake zidali mawaya osomola ku mabuleki a njinga, ndipo ku nyanja ulusi wa nailoni wa asodzi unkathandizanso. Mau okhuthala ankachokera ku babatoni, chimng'oma chachikulu chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, chokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo imodzi ya waya wa m'tayala. Woimba ankakhala pamwamba pake, dzanja limodzi likumenya nsambo ndi kamtengo, lina likutsetsereza botolo pa nsamboyo kuti mau akwere kapena atsike. Woimba ng'oma adali ndi chopondera cha thabwa ndi mphira, ndipo m'malo mwa zitsulo zoŵala za mabandi a m'tauni ankatunga zitsekerero za mabotolo pa waya wokungika pakati pa timitengo tiŵiri. Zonsezi zinkanyamulika pa njinga ziŵiri. Palibe mwa anyamataŵa amene adaphunzira nyimbo m'kalasi, koma ankakunga nsambo ndi khutu lokha, gulu lililonse ndi makungidwe ake, kotero kuti wozoloŵera ankadziŵa gulu limene likuimba asadafike n'komwe pa mpanda.

Mkati mwa mpanda mudali malonda aoao. Kaŵirikaŵiri nyali zopopa za asodzi, zimene zidali pa tchuthi chifukwa cha mwezi, ndizo zinkaunikira bwalo. Amayi ankagulitsa mandasi ndi nsomba zokazinga, kachasu akugulitsidwa chobisa kuseri. Wofuna kuonetsa kuti nyanja yamukomera ankaponya ndalama kuti nyimbo yake iimbidwe. Mnzake wopikisana naye ankaponya yoposa kuti nyimboyo ilekezedwe pakati, ndipo mpikisano wotere unkatha kukwera mpaka ndalama za usipa wa mlungu wathunthu zitathera m'mbale ya mwini gule. Ndeu sizinkasoŵa. Koma mnyamata wopanda bwato kapena ukonde wakewake, amene masana adali wongotumidwa, usiku umenewo ankatchulidwa dzina ndi khamu lonse chifukwa cha zala zake. Akuluakulu adanena kale kuti ukaipa dziŵa nyimbo.

Tsono zonsezi zinkachitika pansi pa diso la boma. Mu 1968 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loyang'anira mabuku, mafilimu, mbale za nyimbo ndi zisangalalo zapoyera, pamodzi ndi bungwe lokhala ndi mphamvu yoletsa chilichonse chimene lidachiona kuti n'chosayenera. Wofuna kuchititsa chisangalalo chapoyera ankayenera kutenga chilolezo. Mu 1973 kudabwera lamulo la kavalidwe, loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba maondo. Amuna naonso adaletsedwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo mathalauza otambalala kumiyendo, amene anyamata a maiko ambiri ankaŵanyadira nthaŵi imeneyo, adasanduka mlandu. Alendo a tsitsi lalitali ankametedwa pa chipata choloŵera m'dziko. Nkhani imene idafala kwambiri ndi ya nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia, ya mu 1970, imene idaletsedwa popeza dzinalo lidali la Mama Cecilia Tamanda Kadzamira. Oimbawo adali ku America ndipo sankaganiza za Malaŵi n'komwe, koma nyimbo yodandaula za mkazi wa dzina limenelo siikadamveka pa wailesi ya dziko lino.

Ku Salima lamulo la kavalidwe lidali ndi nkhope ziŵiri, pakuti linkafeŵa pa malo ochezera alendo a m'mbali mwa nyanja. Mkazi wa ku Johannesburg ankatha kuyenda pa mchenga wa hotela atavala kabudula popanda womufunsa. Mtsikana wa m'mudzi woyandikana ndi hotelayo akadayesa zomwezo pa msika akadaona zakuda m'manja mwa Ayufi, omwe aja ankaima pa zipata za misika ndi pokwerera mabasi kufunsa khadi la chipani. Mchenga udali umodzi, madzi amodzi, koma mpanda wa hotela udali malire a maiko aŵiri.

Gule wa kumudzi ankadalira mtima wa nyakwaŵa ndi wa tcheyamani wa chipani wa pamalopo kuposa pepala lochokera ku ofesi. Chotero mabandi ambiri adali ndi nyimbo imodzi kapena ziŵiri zotamanda Ngwazi, zoimba poyamba anthu asadaledzere, monga m'mene mlendo amayambira kulonjera mwini mudzi. Aliyense ankadziŵa kuti m'khamu mungathe kukhala khutu la boma, ndipo palibe wamisala amene akadatchula dzina la nduna m'nyimbo. Oimba ankaimba za ana amasiye, za mayi wopeza wankhanza, za mfiti ya nsanje, za mlamu wolanda chuma, za usiŵa ndi za njala. Munthu angathe kunena kuti zimenezi n'zakumudzi chabe, zopanda ndale. Koma likumbukiridwe dziko limene zinkaimbidwamo. Mtsogoleri ankabwereza pa misonkhano yake kuti anthu ake ali ndi chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba zosadontha. M'dziko lotero, kuima pamaso pa anthu mazana aŵiri nkuimba za mwana wogona ndi njala atafunda chiguduli kudali kunena kanthu, ndipo omvera ankamva. Dr. John Lwanda, amene adalemba zambiri za nyimbo ndi ndale za dziko lino, adaonetsa kuti oimba osauka a m'misika ndi m'mabala ndiwo ankanena zimene anthu ophunzira ankaopa kunena. Mlakatuli Jack Mapanje adamangidwa mu 1987 nakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991, ndakatulo zake zili m'Chingerezi chimene oŵerenga ake adali oŵerengeka. Woimba banjo ankaimba m'chinenero cha anthu onse, koma akuluakulu ankamuyesa wopemphetsa wosayenera kumutchera khutu. Kunyozeka kwake ndiko kudali chishango chake.

Komabe kungakhale kunama kuŵasandutsa onse ngwazi za ufulu. Ochuluka ankangofuna ndalama ya sopo ndi maso a atsikana, ndipo ena ankatamanda boma ndi mtima wonse. Ndiponso usikuwo udali ndi mtengo wake, umene akazi ndiwo adaulipira koposa. Mnyamata wopezeka ku gule ankatchedwa wosangalala. Mtsikana wopezeka komweko ankapatsidwa dzina loipa limene linkamutsatira mpaka ku ukwati. M'mabala a pa boma ndi m'nyumba zogona alendo mudali atsikana ochokera kutali, olembedwa ntchito yogulitsa moŵa pa malipiro osakwanira kudya, aliyense akudziŵa kumene ndalama yotsalayo iyenera kuchokera. Chakudza sichiimba ng'oma: mu 1985 munthu woyamba adapezeka ndi matenda a Edzi m'dziko muno, pa nthaŵi imene nkhani zotere sizinkakambidwa poyera. Madoko a asodzi ndi malo oima malole ndiwo adakanthidwa kwambiri, ndipo m'zaka 15 zotsatira oimba, ovina ndi ogulitsa moŵa ambiri adatsatana ku manda. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mboni za magule aja zilili zochepa lero.

Zaka zomwezo ku Mangalande kudali achinyamata ena amene ankachita zofanana ndi zimenezi mwa njira yao. Cha m'ma 1976 ndi 1977 kudabuka nyimbo zaukali zotchedwa punk, zoimbidwa ndi anyamata ndi atsikana osaphunzira nyimbo, okwiya ndi ulova. Moto umenewo utazirala kudatsala mbadwo wa nyimbo zotchedwa post-punk, zozama ndi zachisoni, zoimbidwa m'tizipinda tamdima ta m'mizinda ya mafakitale otsekedwa. Ku Manchester kudali gulu la Joy Division, limene woimba wake Ian Curtis adamwalira mu May 1980. Otsala adapanga gulu la New Order, ndipo mu 1982 iwo pamodzi ndi kampani ya Factory Records adatsegula malo ovinira otchedwa Haçienda, amene adatsekedwa mu 1997. Achinyamata a ku Manchester ndi a ku Senga Bay sankadziŵana, ndipo nyimbo zao sizifanana m'makutu. Chofanana n'chakuti onse ankaimba kunja kwa mpanda wa olemera, ndi zipangizo zimene adatha kuzipeza. Chosiyana n'chachikulu. Wa ku Manchester akakwiya ankatukwana boma pa siteji nkukagona kwao. Ndiponso adali ndi timakampani tating'ono todinda mbale, manyuzipepala a nyimbo otuluka mlungu uliwonse, ndi muulutsi wa BBC John Peel amene ankaika pa wailesi magulu osadziŵika. N'chifukwa chake lero za Haçienda kuli mabuku ndi mafilimu, ndipo ngakhale gulu limene lidaimba miyezi isanu ndi umodzi yokha lidasiya mbale.

Chitsanzo chapafupi chili ku Zambia. Kumeneko m'zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo zochuluka za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo ku Ndola kudali fakitale ya Teal yodinda mbale. Magulu a magitala amagetsi monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi adajambula mbale zambiri. Nyimbozo zidaiŵalika kwa zaka pafupifupi 30, ambiri mwa oimba adamwalira, koma popeza mbale zidalipo, makampani a ku Ulaya ndi ku America adazidindanso, ndipo Emmanuel Chanda, wodziŵika kuti Jagari, woimba wa WITCH, adayambanso kuimba m'maiko akunja ali nkhalamba.

Ku Malaŵi khomo lidali limodzi. Kampani ya Nzeru Record Company idayesa kutulutsa mbale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 koma siidakhalitse. Wailesi ya kanema kudalibe mpaka 1999. Wofuna kuti mau ake asungidwe ankayenera kudzera ku MBC, wailesi imodzi yokha ya dziko lonse, imene idayamba mu 1964. Kunena zoona, MBC idagwira ntchito yotamandika: antchito ake ankayenda m'maboma ndi makina ojambulira, ndipo mapulogalamu monga Nyimbo za M'maboma adatchukitsa oimba amene sakadamveka kunja kwa midzi yao. Mabandi a m'tauni monga Jazz Giants ya Morson Phuka, Kalimba ya Griffin Mhango, Makasu ndi Love Aquarius naonso adadzera pomwepo. Koma wailesi ya boma inkajambula zimene boma likadalola kuulutsa. Nyimbo imene inkagwedeza mpanda pakati pa usiku, ya mau opinda kapena olaula, siinkaimbidwa pamaso pa makina a MBC. Woimba ankasankha yaulemu, nalandira kandalama kake kamodzi kokha, tepi nkutsala ku Blantyre. Motero ngakhale zimene zidasungidwa ndi theka chabe la nkhani, theka la masana.

Chimene chidagonjetsa banjo si apolisi ai, koma kaseti. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mwini bala adaona kuti wailesi ya kaseti, batire la galimoto ndi zokuzira mau ziŵiri sizipempha chakudya, siziledzera ndipo sizitopa. Disiko idaloŵa m'malo mwa bandi, ndipo gombe lidavina kwasakwasa ya Kanda Bongo Man ndi rege ya Lucky Dube. Kenaka zinthu zidasintha mofulumira: kalata ya maepiskopi a Katolika mu March 1992, riferendamu ya pa 14 June 1993, kuthetsedwa kwa lamulo la kavalidwe chaka chomwecho, ndi chisankho cha mu May 1994. Ku Balaka, kumene Paul Banda ndi gulu la Alleluya adakhala akuimba kuyambira 1978, kudatuluka mtundu wa nyimbo wa magitala amagetsi ndi kiyibodi umene udadzaza dziko lonse. Mng'ono wake Lucius Banda adatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man mu 1994, nayamba kunena poyera zimene a banjo ankazinena mophiphiritsa. Makaseti ankagulitsidwa m'misika yonse kudzera kwa O.G. Issa wa ku Limbe. Pakamwa patatseguka, luso la kuphiphiritsa lidatsika mtengo, ndipo achinyamata adayamba kuitcha banjo chinthu chachimidzi. Daniel Kachamba adali atamwalira kale mu 1987. Alan Namoko adamwalira mu 1995 ali wosauka, ngakhale kuti dziko lonse linkadziŵa mau ake. Mwaŵi wake ngwakuti kampani yaing'ono ya Pamtondo, ya Dr. Lwanda, idatulutsa nyimbo zake zina asadamwalire. Anzake a m'madoko a Salima sadaupeze mwaŵi wotero.

Mbiri ili ndi nthabwala zake. Mnyamata wina wa ku Mangalande, Will Jameson, atakhalako ku Malaŵi adabwerera kwao nkuyambitsa usiku wa magule ku Liverpool mu 2000, nautcha Chibuku Shake Shake, dzina la moŵa wa m'mapaketi umene adauona kuno. Mu 2004 adayambitsa chikondwerero cha Lake of Stars ku Chintheche, ndipo mu 2008 chikondwererocho chidachitikira ku Senga Bay, pa mchenga wa hotela ija ya Livingstonia Beach. Chidabweranso ku Salima mu 2018. Chikondwerero cha Sand Music, chimene adayambitsa Lucius Banda, nachonso chidachitikira pa gombe limenelo kangapo iye asadamwalire mu June 2024. Motero zidzukulu za magule a m'tizipinda ta ku Manchester ndi Liverpool zidafika ndi makina ao pa mchenga womwe uja wa banjo. Ndipo babatoni, imene idanyozedwa kwao, idakwera ndege: gulu la anthu aŵiri la Madalitso Band, limene linkaimba m'miseu ya Lilongwe, lidakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenaka m'maiko a ku Ulaya, kumene anthu amaima m'mizere kudzaona chipangizo cha nsambo imodzi.

Pa masiku a zikondwerero zimenezi tikiti yoloŵera imaposa zimene mnyamata wa pa chilimira amapeza pa masiku ambiri, kotero anthu a m'midzi yoyandikana amagulitsa nsomba zootcha ndi ziboliboli kunja kwa chipata, nyimbo akuzimvera kuseri kwa mpanda. Pakati pao pamakhala nkhalamba zina zimene masana zimasoka maukonde pansi pa mitengo. Zina mwa izo zala zao zikukumbukirabe makungidwe a nsambo a gulu limene lidatha zaka 40 zapitazo, ndipo zikafunsidwa mwaulemu, ndi munthu wosafulumira, zimatha kutchula amene ankaimba babatoni, mudzi umene adachokera ndi chaka chimene adaikidwa. Telefoni ya m'manja imene mwana wa Fomu 4 ali nayo m'thumba imajambula mau bwino kuposa makina amene antchito a MBC ankayenda nao pa Land Rover.